Munthu Wina ndi Mbuzi Yoikiza

M'bokosi langa lachitsulo muli mapepala a moyo wanga wonse. Muli makadi a chipani a chaka ndi chaka, malisiti a msonkho, makalata a ubatizo a ana anga, ngakhale kapepala ka kusitolo kosonyeza kuti bokosilo ndinagula ndine. Akunyumba amati ndikadzafa adzandiika momwemo, popeza ndi malo okhawo amene ndimawakhulupirira. Komabe mapepala onsewa amangochitira umboni zinthu zimene zinachitika. Chinthu chimene sichinachitike chilibe lisiti. Ndi chifukwa chake anthu a kwathu, kumapiri a m'malire a Dowa ndi Ntchisi, akhala akukhulupirira zaka zonsezi kuti ine ndinapha mbuzi ya mwini. Ndakalamba, ndipo ndikufuna nkhaniyi ilembedwe monga inayendera.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, m'zaka za m'ma 1970. Ndinali mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya mishoni pafupi ndi mudzi wathu, ndipo chaka chimenecho dzina langa linali litaperekedwa kuti ndikhale mkulu wa mpingo. Udindowo ndinkaufuna, sindibisa. Sindinkamwa, sindinkachedwa ku mapemphero, ndipo panalibe munthu amene akanaloza chala pa dzina langa. Dzinalo ndi limene ndinali nalo. Fodya sindinkalima, ng'ombe ndinalibe.

Nyengo ya mvula ili mkati, mng'ono wanga anafika kuchokera kutsidya kwa nyanja atamaliza maphunziro a udokotala. Masiku oyamba anthu ankabwera ndi mano owawa ndi ana otsokomola, iye n'kumawabweza mwaulemu. Anafotokozera amayi kuti udokotala wake sunali wa jakisoni. Unali wa maganizo, wofufuza chimene chimachititsa munthu kunena kuti ichi n'chabwino, ichi n'choipa.

"Zimenezo ndinakuphunzitsa ndine, ndi kamtengo," anatero amayi. "Ndiye udokotala apatsa iwe?"

Anali ndi pepala m'chikwama, ndipo lili m'bokosi langa mpaka lero. Yunivesite ina yakunja inkafuna anthu omaliza kale udokotala kuti akakhale kumeneko zaka ziwiri, osaphunzitsa, osalemba mayeso, ntchito yawo kungofufuza za chikumbumtima cha munthu. Malo anali ochepa. Kuti asankhidwe, anayenera kutumiza chitsanzo cha kafukufuku wake, ndipo iye anaganiza zofufuza mmene anthu a kwathu amaweruzira chabwino ndi choipa.

"Kani pamwamba pa dokotala palinso kalasi?" anafunsa amayi.

"Lilipo, amayi."

"Ameneyu adzakwatira akuyendera ndodo."

Njira yake inali yotere: amauza munthu kankhani kopeka, kenako n'kumufunsa ngati wa m'nkhaniyo analakwa kapena ayi, ndi chifukwa chake. Mayankho amajambula pa kaseti. Anandiwerengera kankhani koyamba tili pakhonde. Kankanena za bwana wina amene analamula wantchito wake kugwetsa nyumba ya munthu wosalakwa, ndipo funso linali lakuti wantchitoyo amvere kapena akane. Ndinamulowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Iwe," ndinatero, "ndende ya Dzaleka ili kuseri kwa mapiri omwewa, ndipo anthu ophunzira aliko kale okwanira. Peza nkhani yopanda bwana, yopanda lamulo, yopanda wokana. Lemba za ziweto."

Anandimvera, ndipo anabwera ndi ina. Ndiilemba monga ilili pa pepala lake:

"Munthu wina anaikizidwa mbuzi ndi mnzake amene anapita kukagwira ntchito kutali. Kenako kwa munthuyo kunagwa maliro. Anthu anabwera ambiri, ndiwo zinachepa. Iye anapha mbuzi ya mnzake ija nadyetsa olira. Pambuyo pake anagula ina yofanana nayo naiika m'khola, osauza aliyense. Kodi munthuyu analakwa?"

Ndinaivomereza. Tinapita nayo kwa a tcheyamani a chipani a dera lathu, amene analinso mkulu wa mpingo, pamodzi ndi kalata ya chilolezo yochokera ku boma. Anaiwerenga kalatayo pang'onopang'ono, anayang'ana makina ojambulira mawu ngati kuti aluma, koma atamva kuti nkhani ndi ya mbuzi anamasuka natilola.

Panali zinthu ziwiri zimene mng'ono wanga sankazidziwa bwino, poti anali kunja. Choyamba, m'khola langa munalidi mbuzi yoikiza. Kwathu munthu akamachoka amasiya chiweto chake kwa mnzake wokhulupirika kuti amusungire, ndipo mnansi wanga wina, popita ku migodi ya ku Joni, anasankha ine. Inali yaikazi, yakuda, ya banga loyera pamphumi. Chachiwiri, chaka cham'mbuyo tinaika bambo athu, ndipo pamaliropo ndinapha mbuzi. Inali yangayanga, imene ndinali nditagula kwa munthu wa ku Chezi, ndipo anandilembera kapepala. Wina anganene kuti ndikanazindikira msanga. Ndikukana. Ndinkadziwa mbuzi imene ndinapha, ndinkadziwa imene inali m'khola, choncho pomva za munthu wakupha ya mnzake sindinaone chifukwa chodziyang'ana ndekha.

Chimene tonse awiri tinachiiwala ndi mmene nkhani zovuta zimayendera kwathu. Munthu akalakwira mnzake sathamangira kukaulula yekha. Amatuma mbale wake, amene amafika pakhomo, kukhala pansi, kufunsa za mvula, kenako n'kuyamba kuti, "Pali munthu wina." Amatero kuti amve kaye mmene mitima ilili. Nthawi zina wolakwayo amatsagana naye, n'kukhala chakumbuyo, chete, maso pansi. Aliyense amadziwa kuti munthu winayo ndi amene wakhala kumbuyoyo, koma palibe amene amamutchula.

Ife tinachita zomwezo ndendende, khomo ndi khomo. Mng'ono wanga ankakhala patsogolo ndi cholembera. Ine ndinkanyamula makina, kukhala chakumbuyo kuti ndisasokoneze, osayankhula chifukwa anandiletsa, maso anga pa kaseti kuopa kuti ingathe mosadziwika.

Woyamba kufunsidwa anali mkulu wina amene tinamupeza akusoka fodya m'chigafa. Anamvetsera nkhani yonse singano ili m'manja.

"Mbuziyo inali yamtundu wanji, adokotala?"

"Yamtundu uliwonse, agogo. Zilibe kanthu."

"Palibe mbuzi yamtundu uliwonse. Inali yaikazi kapena tonde?"

"Tinene kuti yaikazi."

"Ehe." Anasuzumira kumbuyo kwa mng'ono wanga, kumene ndinakhala ine. "Maliro ndi maliro, adokotala. Munthu sangabweze anthu ndi njala atakumba manda. Mukamuuze munthuyo kuti asadandaule. Ndipo nyamayo inali yofewa."

Tikuchoka, mng'ono wanga anali wokondwa kwambiri. Anati anthu a kwathu ali ndi mphatso imene sanaione kunja: amalowa m'nkhani ndi mtima wonse, mpaka kumva kukoma kwa nyama yopeka. Analemba zimenezo. Inenso ndinanyadira anthu a kwathu.

Zinapitirira choncho. Mayi wina anandigwira dzanja nthawi yaitali. Wina anatipatsa mtedza, nati Mulungu amaona mumtima. Ine ndinkati ndi ulemu umene anthu amapereka ku maphunziro. Koma titawoloka mtsinje kupita kumidzi ya kutsidya, mayankho anasintha.

"Analakwa," anatero mayi wina akupeta chimanga, osatiyang'ana n'komwe. "Kupha ya mwini, kulakwa koyamba. Kugawa mokondera, kulakwa kwachiwiri. Ena tinangomva fungo."

"Nkhaniyi sikunena za kagawidwe, mayi," anatero mng'ono wanga.

"Singanene, poti mwaikonza ndinu."

Kutsidya konse anati munthuyo analakwa. Kuno konse anati sanalakwe. Mng'ono wanga anajambula mapu, n'kuika mtsinje pakati, ndipo ankayenda uku ndi uku pakhonde akudzifunsa chimene chingasiyanitse chikumbumtima cha anthu a mtundu umodzi, mpingo umodzi, ongolekanitsidwa ndi madzi ofika m'mawondo. Anaganiza za mtunda wa kumsewu. Anaganiza za sukulu. Anafika poganiza za nthaka.

Yankho linabwera ndi akunyumba, pochokera ku chigayo. Anatula dengu pansi, natumiza ana kukasewera kutali.

"Abambo, zoona mungauze midzi yonse, ine n'kukamvera ku chigayo?"

"Kumva chiyani?"

"Za mbuzi ya a ku Joni."

"Mbuzi ya a ku Joni ili m'khola."

"Ndikudziwa kuti ili m'khola, ndimaimanga ndine. Koma ku chigayo akuti imeneyo ndi inzake. Akuti yeniyeni tinadya pa maliro a bambo, ndipo mwatenga alamu kuti akupepesereni khomo ndi khomo, inu mutawerama kumbuyo."

Kenako ndinafunsa za anthu a kutsidya.

"Simukukumbuka? Tsiku la maliro mtsinje unadzaza. A kutsidya anafika mochedwa, anapeza nyemba zokhazokha."

Mng'ono wanga, amene ankamvetsera ali pakhomo, anayang'ana mapu ake nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti apepesa. M'malo mwake anati, "Ndiye kuti amene anadya akukhululuka, amene sanadye akuweruza. Achimwene, izi ndi zazikulu kuposa nthaka." Anathamangira cholembera.

"Inu munaiona mbuzi imene ndinapha," ndinauza akunyumba. "Inali yofiira."

"Ndinaiona itasendedwa kale," anayankha. "Ndipo lero ndaiyang'anitsitsa ya m'kholayi. Banga lija linali lalikulu chonchi?"

Apa ndi pamene ndinadziwa kuti nkhani yafika patali. Munthu amene ndinkagona naye nyumba imodzi ankayeza banga la mbuzi ndi maso.

Posakhalitsa mkazi wa mnansi wanga wa ku Joni anabwera ndi mlongo wake kudzaona chiweto chawo. Ndinawatsegulira khola ndi mtima woyera. Mayiyo anaitana mbuziyo ndi mlomo, mbuzi n'kupitiriza kudya.

"Yathu inkandidziwa," anatero.

Ndasunga mbuzi zaka zambiri, ndipo ndikunena motsimikiza kuti mbuzi sidziwa munthu aliyense. Imadziwa chimanga cha mwini basi. Ndinawauza zimenezo, koma mlongo wakeyo anati ayamikira kuti ndabweza yofanana, kungoti zikanakhala bwino ndikanawauza iwo poyamba m'malo moyambira kwa anthu akutali. Nkhaniyo anaitengera kwa abusa.

Akulu a mpingo anakumana masana ena m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Abusa anakhala pakati, mlembi pambali pawo, a tcheyamani pafupi ndi zenera. Ine ndinafika ndi mapepala anga, mng'ono wanga ngati mboni. Ndinali wodekha, chifukwa ndinkakhulupirira kuti pepala likaikidwa patebulo nkhani imatha.

Ndinatulutsa kapepala ka munthu wa ku Chezi, kosonyeza kuti anandigulitsa mbuzi yofiira. Ndinatulutsanso kamene tinalemberana ndi mnansi wanga tsiku loikiza, kofotokoza mtundu ndi banga. Mapepalawo anayenda dzanja ndi dzanja. Mkulu wina wa kutsidya, mmodzi wa odya nyemba aja, anawatembenuza kumbuyo ngati akufuna kuona chimene chabisala.

"Aphunzitsi, munthu amasungiranji kapepala ka mbuzi, ngati sakuyembekezera mlandu?"

"Ndimasunga mapepala onse."

"Ndiye kuti milandu ilipo yambiri."

Ndinawauza kuti apite kukhola akaone okha mbuzi yakuda ya banga loyera. Anati ndi zomwezo zimene nkhani inanena: anagula yofanana. Mbuzi ikanasowa, ndikanakhala wolakwa. Popeza inalipo, ndinali wolakwabe. Mpaka lero sindinapeze munthu wondiuza chimene mbuziyo inayenera kuchita kuti ndipulumuke.

Abusa anaitana mng'ono wanga. Anaimirira atavala tayi.

"Abusa ndi akuluakulu nonse, munthu wa m'nkhaniyo kulibe. Ndinamupeka ndine."

"Nanga mbuzi?"

"Kulibenso."

"Maliro?"

"Kunalibe maliro."

"Ife tinalipo," anatero mkulu wa m'chigafa uja, amene analinso mmodzi wa akulu a mpingo. "Ine ndinakumba nawo."

Ena anaseka, koma wa kutsidya uja sanaseke. Anafuna kudziwa ngati adokotala akuvomera pamaso pa mpingo kuti anayenda midzi yonse akunena bodza, ndiponso akulijambula. Abusa anali munthu wofatsa amene anawerengako mabuku, ndipo anayesa kutithandiza. Anati nkhani yopeka si bodza nthawi zonse. Anati ili ngati mafanizo amene timamva m'tchalitchi, amene amanenedwa kuti tiphunzirepo kanthu.

"Fanizo limakhala ndi tanthauzo, abusa," anatero wa kutsidya. "Munatiphunzitsa nokha. Nkhosa sikhala nkhosa, mbewu sikhala mbewu."

A tcheyamani anali asanayankhule chiyambire. Anakankha zenera kuti litsekeke, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Ndimafuna ndimvetse, abusa. Ngati ndi fanizo, mbuziyo ikuimira chiyani? Nanga wosunga za eni ake uyu, amene akudya n'kumati adzabweza, ndi ndani? Ndikufunsa chifukwa mawu a anthu anga ali m'makinamo, ndipo ndamva kuti akupita kunja."

A tcheyamani sanali munthu wankhanza. Ankalima chimanga ngati wina aliyense, ndipo ana awo ndinkawaphunzitsa ndine. Koma thukuta linali litatuluka pamphumi pawo, ndipo ndinaona kuti akuopa kuposa tonsefe.

"Ine ndinalola nkhani ya mbuzi yeniyeni," anapitiriza. "Ngati mbuziyo kulibe, ndiye kuti ndinalola chinthu chimene sindikuchidziwa, ndipo ndiyenera kukanena ndekha ku boma ena asanakanene."

Aliyense ankadziwa chotsatira chake. Makaseti akanatengedwa, pasipoti ya mng'ono wanga ikanatengedwa, ndipo mwina mwini wakeyo akanatsatira. Yunivesite ija ikanadikira mpaka kutopa. Koma iye, ndi udokotala wake wonse, anamva ngati wafunsidwa funso labwino m'kalasi. Nkhope yake inawala.

"Mwafunsa bwino kwambiri, a tcheyamani. Kwenikweni nkhaniyi ingathe kuimira munthu aliyense amene wapatsidwa udindo wosunga zinthu za ena, kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu kwambi..."

Ndinamuponda phazi ndi nsapato yanga ya Lamulungu, ndipo ndinaponda ndi thupi lonse. Kenako ndinaimirira.

Mawu amene ndinanena ndikuwakumbuka bwino, chifukwa ndinawasankha mosamala ngakhale nthawi inali yochepa. Ndinati: "Abusa, palibe fanizo pano. Mbuzi ndi mbuzi, ya miyendo inayi ndi mchira. Mng'ono wanga akuyesa kunditeteza monga mbale. Nkhaniyi ithere m'chipinda muno, ndipo chimene mungagamule ndichilandira."

Werengani mawuwo kawiri. Palibe pamene ndinati ndinapha. Kuti mbuzi ndi mbuzi ndi zoona. Kuti mng'ono wanga ankanditeteza ndi zoonanso. Koma mlembi analemba mawu amodzi okha: "Anavomera." Ndinapempha kope la zimene analembazo, ndili nalo, ndipo ndinalemba m'mphepete ndi inki yofiira kuti sindikugwirizana nazo. Inki yofiirayo palibe amene anaiwerenga kupatula ine.

Chipinda chonse chinapuma. A tcheyamani anatsegulanso zenera, napukuta nkhope, nati iwo ankadziwa kale kuti ndi mbuzi chabe. Chigamulo sichinachedwe. Dzina langa linachotsedwa pa ofuna ukulu wa mpingo. Ndinaimitsidwa ku Mgonero kwa kanthawi. Ndinauzidwanso kupereka kamsoti ka mbuzi kamodzi kwa banja la mnansi wanga, kopepesera. Abusa anapemphera pothokoza kuti wotayika wabwerera, ndipo ine, amene sindinapite kulikonse, ndinayankha amen.

Pobwerera, mng'ono wanga ankatsimphina. Tinayenda mpaka pa mlatho wa mitengo. Pamenepo anaima.

"Achimwene, ndamvetsa chimene mwachita."

"Wachedwa."

"Koma taganizani. Munthu wina alola kuti anthu akhulupirire bodza lonena za iye mwini, kuti apulumutse mbale wake. Kodi munthuyu..."

"Ukayerekeza kuyatsa makinawo," ndinatero, "ndikuponya mumtsinjemu pamodzi nawo."

Anasankhidwa. Analemba kafukufuku wake mwatsopano, osabisa kuti anthu anayesa nkhaniyo kuti ndi yeniyeni, ndipo anafotokoza mmene odya nyama ndi odya nyemba anaweruzira mosiyana. Akuti a ku yunivesite anachita nazo chidwi. Atafika kumeneko ananditumizira kope losindikizidwa. Pansi pa tsamba loyamba, m'zilembo zing'onozing'ono zofuna magalasi, anathokoza mkulu wake chifukwa chonyamula makina.

Lamulungu la Mgonero ndinkakhala kumbuyo, pa benchi ya oimitsidwa, pakati pa munthu wa mitala ndi mayi wophika kachasu. Onse awiri anali ochezeka. Wa mitalayo ankandilimbitsa mtima kuti ulendo woyamba ndi umene umawawa.

Mnansi wanga atabwera kuchokera ku Joni ndinasangalala kuposa mkazi wake. Ndinamutengera kukhola asanavule n'komwe chipewa. Anaiyang'ana mbuziyo, anaigwira khutu, nati, "Ndi yomweyi." Ndinamupempha kuti akanene zimenezo pagulu, ndipo anakanena. Anthu anagwedeza mitu n'kumati ku Joni kwamuphunzitsa khalidwe, onani mmene akubisira mnzake manyazi. Kamsoti kaja sanabweze. Anati nkhani imene mpingo unagamula iye sangaitsegulenso.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Patapita zaka zochepa dzina langa linaperekedwanso, ndipo ndinasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo popanda wotsutsa, ngakhale a kutsidya. Akunyumba anandiuza chifukwa chake, atachimvanso ku chigayo. Akuti kale anthu ankandiopa, chifukwa ndinali munthu wopanda banga, wamapepala, wosaseka. Tsopano ankandikonda, popeza ndinagwa ngati iwo, ndiponso ndinagwa chifukwa chofuna kudyetsa anthu. Zaka zonse zimene ndinayenda mowongoka sizinandipatse mpando umenewo. Unabwera chifukwa cha mbuzi imene sindinaphe. Kuyambira pamenepo milandu yonse ya ziweto inkaperekedwa kwa ine, abusa n'kumati, "Aphunzitsi akudziwa mmene zimakhalira."

Mpaka lero, pamaliro ndiwo zikachepa, pamapezeka wina wonena mokweza kuti, "Musadandaule, aphunzitsi ali pompano, mangani mbuzi zanu." Amanena ndi ana obadwa dzulo, amene sanadye nyama kapena nyemba. Ndimawayang'ana mpaka atasiya kuseka, koma amakayambiranso kuseri kwa nyumba.

Nthawi ya chipani chimodzi itatha, ndinaona kuti palibenso choopa. Mng'ono wanga anali atabwerera kumudzi, imvi zili mbuu, akuyenderadi ndodo monga ananenera amayi, ngakhale anali atakwatira kale. Ndinamukhazika pansi n'kumulembetsa kuti munthu wa m'nkhani ija kunalibe, mbuzi kunalibe, ndipo ine ndinangolola chigamulo kuti iye apite kusukulu. Anasaina. Ndinamuuza kuti aikenso udokotala wake kutsogolo kwa dzina, kuti ugwireko ntchito kamodzi.

Mwa anthu a m'chipinda chija, kupatula ife awiri, panalibe wotsala. Abusa, a tcheyamani, mlembi wa mawu amodzi uja, onse anali atapita. Mnansi wanga nayenso anali atamwalira. Anatsala mkazi wake yekha, wokalamba, maso akuvuta. Ndinavala jekete, ndinapita kwawo, ndipo ndinamupeza akusenda nandolo pamkeka. Kuseri kwa nyumba kunali mbuzi zambirimbiri, ndipo zina mwa izo ndinazizindikira maonekedwe a agogo awo. Ndinamuwerengera pepalalo mokweza, kuyambira pamwamba mpaka pa siginecha.

Anamvetsera bwinobwino. Kenako anafufuza dzanja langa, naligwira ndi manja onse awiri.

"Aphunzitsi, zoona nkhani imeneyi ikukuvutitsanibe mumtima? Ife tinakukhululukirani kalekale."

Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzakhululukidwa. Ndinabwerera kamsoti kanga.

Anaseka mpaka kutsokomola, naitana mpongozi wake kuti adzamve mmene aphunzitsi akalambira ndi nthabwala. Anandipatsa nandolo m'kathumba. Ndinalandira, chifukwa kukana chakudya pakhomo pa munthu si khalidwe, koma ndinamuuza momveka kuti nandoloyo sakutseka nkhaniyi. Pepalalo ndinalibwezera m'bokosi, pamwamba pa kapepala ka ku Chezi.